Mwatuluka m'chipatala, koma mphumu ikadali m'chifuwa

Munthu amene anagonekedwa ndi mphumu satulutsidwa m'chipatala chifukwa choti wachira. Madokotala amamutulutsa poona kuti zotsalazo angathe kukazimalizira kunyumba: okosijeni wakhazikika m'magazi popanda kachubu ka m'mphuno, usiku wadutsa osafuna nebulaiza (makina opumira mankhwala otsegula chifuwa), akutha kupita yekha kubafa ndi kuyankhula osadukiza mawu. Bedi nalo likudikiridwa ndi wina amene wafika ali kayakaya.

Koma ife abale timaziona mwina. Munthu akangotsika kombi ku Mufakose kapena ku Mabvuku kuno ku Harare, jumbo ya mankhwala ili m'manja, timati nkhani yatha. Amayi a kumpingo abwera kudzathokoza Mulungu, abwana aimba foni kufunsa ngati Lolemba mufika, mwiniwake nayenso wagwira kale tsache kuti pabwalo pasaoneke ngati pamasiye. Ena mwa anthu amenewa, mwezi usanathe, amapezeka abwereranso kuchipatala cha Parirenyatwa kapena cha Sally Mugabe ndi phuma loposa loyamba lija.

Masabata oyambirirawa ndiwo oopsa. Mu 2014 bungwe la madokotala la Royal College of Physicians ku Britain linatulutsa lipoti la imfa 195 za anthu a mphumu, litafufuza imfa iliyonse payokha. Mmodzi mwa anthu 10 alionse anamwalira pasanathe masiku 28 chitulukireni m'chipatala momwe anakalandira chithandizo cha mphumu yomweyo. Kumeneko n'kudziko loti ambulansi ukaiitana imabwera, inhela (kabotolo kopopera mankhwala a mphumu m'kamwa) sisowa. Bungwe la WHO limati mu 2019 anthu 262 miliyoni anali ndi mphumu, ndipo 455,000 anafa nayo, ambiri mwa iwo m'maiko osauka ndi ongotukuka kumene ngati athu ano.

Nthenda ziwiri, iliyonse ndi ulendo wake

Mpweya ukalowa pakhosi umatsika m'timipaipi timene timagawikana ndi kunka ticheperachepera mpaka kukafika ku timatumba tating'onoting'ono ta m'mapapo, mmene okosijeni amalowera m'magazi. Mphumu imagwira timipaipito. Ikadzuka, timinofu tozungulira timipaipi timafinya, mkati mwake mumatupa, ndiponso mumadzaza makhololo omata. Ndiye kulira kwa m'chifuwa kuja, ndi phuma lija loti kutulutsa mpweya kumavuta kuposa kuukoka.

Nebulaiza ya kuchipatala ndi inhela ya buluu, mankhwala ake akuluakulu ndi amodzi, salbutamol, ndipo ntchito yake ndi kumasula timinofu tija basi. Amagwira m'mphindi zochepa, mphamvu yake n'kutha pakapita maola anayi kapena kuposerapo pang'ono. Kutupa kuja sachotsa. Kutupa kumaphwa pang'onopang'ono, ndipo kukamaphwa choncho timipaipi timakhala tosachedwa kupsa mtima kwa masabata angapo: kautsi kochepa, kamphepo ka m'mawa, ngakhale kuseka kwambiri, chifuwa chayambika. Zili ngati moto wa pamafuwa woti malawi azima koma pansi pa phulusa makala akadali psuu.

Nthenda yachiwiri ndi tizilombo tolowa m'chifuwa, ndipo kawirikawiri ndito timadzutsa mphumuyo. Nthawi zambiri amakhala mavairasi omwe aja a chimfine, amene maantibayotiki sawapha. Choncho mukatulutsidwa opanda amoxicillin musafulumire kunena kuti adokotala anakutayani. Ngakhale makhololo achikasu kapena obiriwira, paokha sachitira umboni woti muli mabakiteriya, pakuti mphumu yokha imathanso kuwasintha mtundu. Nkhani imasintha tizilombo tikatsika mpaka m'timatumba tija n'kutidzaza madzi ndi mafinya. Chimenecho ndiye chibayo, chimaoneka pa X-ray, ndipo mankhwala ake ayenera kumalizidwa monga analembera.

Chibayo chimachedwa kuchoka m'thupi kuposa mmene ambirife timaganizira. Bungwe la NICE, limene limalemba malangizo a zachipatala ku England, limauza odwala kuti pakatha sabata imodzi kutentha thupi kuyenera kukhala kutasiya; pa masabata 4 kupweteka kwa m'chifuwa ndi makhololo zikhale zitachepa kwambiri; pa masabata 6 kutsokomola ndi phuma zikhale zitachepa; pa miyezi 3 zambiri zimakhala zitatha koma kufooka kungakhalepobe; ndipo pa miyezi 6 m'pamene ambiri amadzimva kuti abwerera mwakale. Amene mumadabwa kuti bambo aja anatuluka kalekale koma akungokhalira kugona masana, werengani miyezi imeneyi musanawatche aulesi.

Chofunika kuyang'ana si tsiku limodzi koma kumene zinthu zikulowera. Lero kungaipe kuposa dzulo, koma sabata ino iyenera kuposa yatha. Zikamabwerera m'mbuyo, thupi layambanso kutentha, makhololo achuluka kapena muli magazi, kumeneko si kuchira kochedwa ayi, n'kobwerera nako kuchipatala.

Ndipo kuno kwathu chifuwa chosatha sitingachikambe osatchula TB. Kutsokomola kopitirira masabata awiri, thukuta la usiku, kuwonda, kusowa chilakolako cha chakudya, zimenezi n'zokayezetsa makhololo, makamaka kwa amene ali ndi HIV kapena amakhala nyumba imodzi ndi wodwala TB. Kukiliniki ya khonsolo amatenga makhololo, ndipo zipatala za Wilkins ndi Beatrice Road zakhala zikusamalira matenda opatsirana ngati amenewa kwa zaka zambiri. Palinso azibambo athu achikulire amene anathera unyamata wawo m'migodi ndi m'mapulazi a fodya. Phuma lawo nthawi zina limatchedwa mphumu pomwe ndi mapapo owonongeka ndi fumbi la miyala kapena utsi wa fodya, kapenanso mtima wofooka umene ukudzaza madzi m'mapapo. Munthu amene “mphumu” yamuyamba atakalamba, miyendo ikutupa, afunse adokotala ngati anaunikanso zimenezi.

Za m'jumbo muja

Muli mapiritsi a prednisolone. Kwa munthu wamkulu nthawi zambiri amalemba 40 mpaka 50 mg pa tsiku, kwa masiku 5 mpaka 7. Popeza piritsi lofala ndi la 5 mg, munthu amapezeka ali ndi mapiritsi 8 m'dzanja oti ameze nthawi imodzi, ndiye mantha amamugwira. Wina amawagawa awiriawiri, wina amamwa anayi n'kusunga enawo kuti adzathandize tsiku lina. Mapiritsi a prednisolonewa ndiwo akuphwetsa kutupa kuja. Amamwedwa onse pamodzi m'mawa, mutadya. Amabweretsa njala, amasowetsa tulo, ena amawapsetsa mtima pachabe, ndipo kwa a matenda a shuga amakweza shuga, kotero masiku amenewa n'ngoyeza pafupipafupi. Zonsezi zimatha mankhwala akatha. Amene wakhala akumwa prednisolone kwa masabata ambiri ndiye asasiye mwadzidzidzi. Adokotala amachepetsa pang'onopang'ono.

Muli inhela ya buluu ija, yomwe aliyense amaikonda chifukwa ukapopera umamva pompo kuti chifuwa chatseguka. Ndiye muli ina, kawirikawiri ya bulawuni, ya beclomethasone. (Mitundu imasiyana malinga ndi kampani, choncho werengani dzina la mankhwala, osangodalira mtundu.) Imeneyi ukapopera sumva kanthu. Imayamba kuoneka ntchito yake patapita masiku, mphamvu yake yonse patapita masabata, ndipo imafuna tsiku ndi tsiku, m'mawa ndi madzulo, ngakhale tsiku loti muli bwinobwino. Ndi imene imapitiriza ntchito ya prednisolone mapiritsi akatha.

Apa m'pamene pagona vuto lonse. Munthu waima pafamase, ndalama ikukwanira inhela imodzi. Agula iti? Agula imene amaimva. Ya bulawuni imatha osagulidwanso, kutupa kumabwerera mwakachetechete, ya buluu imapoperedwa kawiri pa tsiku, kenako kasanu, kenako usiku wonse, mpaka tsiku limene imakana. Mu 2019 bungwe la GINA, limene malangizo ake a mphumu amatsatidwa m'maiko ambiri, linasiya kuvomereza kuti munthu wamkulu kapena wachinyamata azidalira salbutamol yekha, ngakhale mphumu yake ikhale yooneka yaing'ono. Inhela imodzi ya buluu imapopera ka 200. Kumaliza zitatu kapena kuposerapo pa chaka ndi chizindikiro choti mphumu sikugonja ndipo ingadzakugwetseni. Mu lipoti la ku Britain lija, pafupifupi anayi mwa anthu 10 alionse amene mbiri ya mankhwala awo inapezeka anali atalemberedwa mainhela a buluu oposa 12 m'chaka chawo chomaliza.

Masiku ano kulinso inhela yophatikiza budesonide ndi formoterol, yomwe imatsegula chifuwa n'kumaphwetsanso kutupa nthawi yomweyo. Ndi yabwino, koma mtengo wake ndi wokwera, ndipo si aliyense angaikwanitse mwezi ndi mwezi. Kuuza adokotala poyera kuti thumba lanu lifika pati si chamanyazi. Ndi bwino akulembereni yotchipa imene muzigula osadukiza, kusiyana ndi yapamwamba yoti mugula kamodzi basi.

Ine chimandidabwitsa n'chakuti ife a ku Malawi kuno ku Harare tinadziwika kalekale ndi mabungwe a maliro. Mwezi ndi mwezi timasonkha osaphonya, buku lili m'manja mwa mlembi, kuti tsiku la tsoka bokosi ndi basi zisasowe. Koma membala yemweyo akatuluka m'chipatala, inhela ya miyezi itatu amaisaka yekha.

Mantha a inhela nawo ndi ofala. Mumamva anthu akuti “mukaiyamba simudzaisiya”, ena akuti imafooketsa mtima, ena akuti ndi ya anthu amene atsala pang'ono. Inhela siyambitsa chibaba. Munthu amaifuna pafupipafupi chifukwa choti kutupa sikunachiritsidwe. Kunjenjemera kwa manja ndi kugunda kwa mtima mukapopera ya buluu kumachitikadi, koma kumatha posachedwa. Chodabwitsa n'chakuti oopa inhela omwewo amameza mapiritsi a salbutamol kapena aminophylline mosaopa, pomwe mapiritsiwo ndiwo amazungulira thupi lonse, amachedwa kugwira, ndipo amanjenjemeretsa kwambiri. Mayi woyembekezera nayenso asasiye mainhela ake. Choopsa kwa mwana ali m'mimba ndi mayi wosowa mpweya. Za mankhwala a chifuwa a m'botolo okhala ndi codeine, monga bronko amene wasokoneza achinyamata m'makomboni muno, mphumu sachiza, ndipo amagonetsa munthu amene akufunika kukhala maso kuti adziwe kuti akubanika.

Kapoperedwe

Tayang'anitsitsani wina akamapopera. Watulutsa inhela m'chikwama, waiika pakamwa, psi psi kawiri motsatizana, ndipo kautsi koyera kakutuluka m'mbali mwa milomo. Mankhwala amenewo athera palilime ndi m'mlengalenga, m'mapapo mwafika ochepa. Anthu ambiri, ngakhale amene akhala ndi mphumu zaka 20, amapopera molakwa, ndipo palibe anawaonetsapo.

Kachitidwe kake ndi aka: khutchumulani inhela, tulutsani mpweya wonse, tsekani milomo mozungulira kukamwa kwake, yambani kukoka mpweya pang'onopang'ono n'kudina kamodzi mukukoka choncho, pitirizani kukoka mpaka chifuwa chidzaze, kenako gwirani mpweya masekondi 10 kapena mmene mungathere. Ngati anakulemberani kawiri, dikirani pafupifupi theka la mphindi, khutchumulaninso, n'kubwereza. Kugwirizanitsa chala ndi mpweya n'kovuta, makamaka kwa mwana, kwa agogo, ndi kwa aliyense amene wabanika. N'chifukwa chake kuli sipesa, kachubu kotakasuka komwe mumapoperamo mankhwala n'kumawakoka mwa kupuma kanayi kapena kasanu.

Sipesa ya kufamase ikadula, botolo la pulasitiki la chakumwa la 500 ml limagwira ntchito. Izi si zongopeka za m'makwalala. Mu 1999 Heather Zar ndi anzake a pachipatala cha ana cha Red Cross ku Cape Town anafalitsa kafukufuku m'magazini ya The Lancet woonetsa kuti botolo lotere, lomatidwa bwino, linathandiza ana obanika mofanana ndi sipesa yogula. Mumaboola kunsi kwa botolo bowo lofanana ndendende ndi kukamwa kwa inhela, kuti ilowe mothina osasiya mpata, ndipo inu mumakoka mpweya kukamwa kwa botolo. Litsukeni ndi madzi a sopo n'kulisiya liume lokha. Mukalipukuta ndi nsalu mankhwala amakakamira m'mbali. Mwana wamng'ono amene sangathe kutseka milomo pabotolo amafunika sipesa yokhala ndi chophimba mphuno ndi pakamwa. Ubwino wake n'kupita nalo botololo kukiliniki kuti anesi aone mmene mukuchitira.

Mukapopera ya bulawuni, chukuchani m'kamwa n'kulavula, apo ayi mumatuluka tizilonda toyera ndipo mawu amasasa. Dziwaninso kuti inhela ikatha mankhwala imapitirizabe kulira psi ngati muli kanthu. Werengani: yopopera ka 200, mukamapopera kawiri m'mawa ndi kawiri madzulo, yatha pa masiku 50. Lembani pabokosi tsiku limene mwaiyamba.

Kubwerera kukaonedwa

Malangizo a GINA amati munthu wamkulu akaonedwenso pakati pa masiku 2 ndi 7 chitulukireni, ndipo mwana asapitirire masiku atatu. Ambiri amalumpha ulendo umenewu: mzere ndi wautali, kombi ikufuna ndalama, ndipo munthu akudzimva bwino. Koma akudzimva bwino chifukwa prednisolone akadali m'thupi. Sikuti mpaka mubwerere kuchipatala chachikulu. Kukiliniki ya khonsolo ya kwanuko, kaya ku Mbare, ku Highfield, ku Glen View kapena ku Kuwadzana, angakuoneni ndi kukutumizani patsogolo ngati pakufunika. Tengani chikalata chotulukira ndi mankhwala onse a m'nyumba, ngakhale amene sakukhudzana ndi chifuwa.

Chifukwa chake n'chakuti mankhwala ena amalimbana ndi mphumu. Aspirin, ibuprofen ndi diclofenac, amene timagula ngati maswiti mutu kapena msana ukamapweteka, amadzutsa mphumu mwa anthu ena; paracetamol ndiye savuta kwa ambiri. Mankhwala a BP ndi mtima monga atenolol ndi propranolol, ngakhale timolol wodontheza m'maso, angathe kufinya timipaipi tija. Enalapril amayambitsa chifuwa chouma chosatha chimene munthu angachiyese mphumu. Amene akumwa ma ARV okhala ndi ritonavir anene, chifukwa amachititsa kuti mankhwala a mainhela ena, makamaka fluticasone ndi budesonide, aunjikane m'thupi. Musasiye nokha aliwonse mwa amenewa. Aonetseni adokotala asankhe.

Makolo athu ambiri ali ndi ulemu woti adokotala akamayankhula amangovomera, kaya ndi m'Chishona kaya m'Chingerezi, n'kudzafunsa mdzukulu ali pakhomo kuti paja anati chiyani. Apite ndi munthu woti akafunse ndi kulemba. Chofunika kutuluka nacho ndi pepala losonyeza zochita: mankhwala a tsiku ndi tsiku ndi ati, chifuwa chikayamba kuvuta awonjezere chiyani, ndipo zikafika pati athamangire kuchipatala. Amene angakwanitse kugula kachipangizo kouzira kotchedwa peak flow meter, kamathandiza kuona kuti timipaipi tayamba kuthina munthu asanamve n'komwe. Amene anali ndi chibayo, makamaka wosuta fodya ndi wopitirira zaka 50, afunse ngati akufunika X-ray ina pakatha masabata 6.

Mpweya wa mu Harare

Mzinda uno uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500, ndipo kuzizira kwa mu Juni ndi Julayi, kouma kuja, kumalowa m'chifuwa ngakhale cha munthu wabwinobwino. Ndi nyengo yomweyo ya chimfine. Magetsi akazima timabwerera ku nkhuni, makala ndi palafini, mazenera titatseka chifukwa cha mphepo. Kwa munthu wongotuluka kumene m'chipatala, chipinda chotere n'chokwanira kumubweza. Kuphika kuchitikire panja kapena iye atuluke, ndipo mbaula isagone m'nyumba. Kuwonjezera pa utsi, makala amatulutsa mpweya wakupha wosanunkha umene umatha kupha banja lonse lili m'tulo. Potuluka m'mamawa, kansalu kophimba mphuno ndi pakamwa kamafunditsa mpweya usanafike m'chifuwa.

Ikafika Ogasiti ndi mphepo ya fumbi ndi moto wa m'tchire. Kumene galimoto ya zinyalala imafika mwa apo ndi apo, madzulo aliwonse wina amayatsa mulu wa mapepala ndi mapulasitiki kuseri kwa mpanda. Simungaletse komboni yonse, koma mungapemphe oyandikana nawo kuti azikuuzani asanayatse, mutseke zenera la mbali imeneyo. Mitengo ya jacaranda ikachita maluwa mu Sepitembala ndi Okutobala anthu amainamizira kwambiri, komatu mungu wa maluwa ooneka bwino chotere umanyamulidwa ndi njuchi. Wouluka ndi mphepo n'kulowa m'mphuno kwambiri ndi wa udzu, nyengo ya mvula. Mvulayo imabweretsanso chinyontho ndi nkhungu pamakoma, makamaka m'nyumba zothinana ngati mafulati a ku Mbare, mmene banja lonse limaphika, kuchapa ndi kugona m'chipinda chimodzi.

Zina n'za m'manja mwathu. Mabulangete amene akhala m'sutikesi chaka chonse achapidwe ndi kuyanikidwa padzuwa asanafundidwe. Posesa, wazani madzi kapena kolopani, ndipo wodwalayo asakhalepo. Polishi wa pansi, mankhwala opopera mphemvu ndi udzudzu, koyilo, perefyumu, zonsezi zidikire. Mphemvu zenizenizo nazonso zimadzutsa mphumu, choncho njira ndi kuvundikira zakudya ndi kutseka ming'alu. Wosuta fodya asiye, ndipo nthawi yabwino yosiyira ndi ino pamene wakhala kale masiku m'wodi osasuta. Ena a m'nyumbamo akasutire kutali, osati pakhomo.

Kuzonda wodwala ndi mwambo wathu, ndipo palibe angauletse. Koma taganizirani Lamlungu masana: anthu 12 m'chipinda chochezera, zitseko zotseka, wina akuyetsemula, mwana ali ndi mamina, ndipo wodwala akukakamizika kuyankha “Mwaswera bwanji, amayi?” kwa aliyense ndi kuimba nawo nyimbo. Pafunika munthu mmodzi wolimba mtima m'banjamo, kaya ndi azakhali kaya amalume, woti aziuza alendo mwaulemu kuti a chimfine apereke moni ali pabwalo, ndipo mapemphero akhale aafupi. Alendo omwewo amabwera ndi malangizo a kufukiza masamba a zumbani kapena bulugama. Tiyi wa zumbani wofunda angafewetse pakhosi, palibe vuto. Koma nthunzi sichotsa kutupa kwa mphumu, fungo lamphamvu limabanikitsa ena, ndipo munthu wa phuma kumufunditsa bulangete pamwamba pa mphika wa madzi owira n'kuika moyo pachiswe.

Ntchito nayo njofunika kuiunika. Akalipentala a ku Glen View amapuma utuchi ndi vanishi, owotcherera zitsulo ku Siyaso amapuma utsi, ena ali m'fumbi la fodya kumaokushoni, ena mu ufa wa m'mabekale, amayi ogwira ntchito m'nyumba za anthu ali ndi mankhwala otsukira mabafa. Ngati chifuwa chimapepuka masiku opuma ndi patchuthi n'kuyambanso mukabwerera, auzeni adokotala mawu amenewo ndendende. Kansalu ka pamphuno sikatchinga fumbi losalala kapena fungo la penti. Tsiku lobwerera kuntchito lisiyana munthu ndi munthu, koma amene akudzukabe usiku ndi chifuwa, kapena akufunabe inhela ya buluu maola anayi aliwonse, sanafike. Wodzilemba yekha ntchito ndiye amavutika kwambiri, poti tsiku losagulitsa ndi tsiku losadya. Ngati n'kotheka ayambe ndi theka la tsiku, katundu wolemera anyamule ena.

Thupi ndi mtima

Masiku ochepa okha ogona pabedi amafooketsa minofu, makamaka kwa achikulire. Choncho phuma lina limene munthu amamva akatuluka si la mphumu, ndi la miyendo yofooka. Mankhwala ake ndi kuyenda: lero mpaka pageti, mawa mpaka pakona, dzuwa litatentha, inhela ili m'thumba, pa liwiro loti mungathe kuchezabe ndi mnzanu. Madzi akumwa amafewetsa makhololo. Chakudya chikhale chochepa koma pafupipafupi, chokhala ndi nyemba, mazira, matemba kapena nsinjiro, chifukwa mimba yodzadza kwambiri imapanikiza chifuwa. Kugona mutatsamira mapilo awiri kumathandiza usiku. Katemera wa fuluwenza ndi wofunika kwa a mphumu, ndipo nthawi yake kuno ndi dzinja la mvula likamatha, cha mu Epulo, kuzizira kusanayambe.

Pali china chimene sitikamba. Munthu amene anaona mpweya ukumuthera amakhala ndi mantha. Ena amaopa kugona, ena amaopa kutsala okha, ena kachifuwa kakang'ono kokha mtima uli m'mwamba, ndipo mantha amafulumizitsa kupuma mpaka munthu osadziwa ngati ndi mphumu kapena ndi nkhawa. Kumuuza kuti “limbani mtima” sikuthandiza kwenikweni. Chothandiza ndi pepala la zochita lija, inhela ndi sipesa zili pamutu pa bedi, ndi kudziwa kuti m'nyumbamo muli wina wodziwa chochita. Mantha akapitirira masabata ambiri mpaka munthu osatuluka m'nyumba, imeneyonso ndi nkhani yokauza anesi.

Chochitacho n'ichi. Munthu akabanika, akhale tsonga, asagone. Apopere ya buluu kudzera mu sipesa kamodzi pa masekondi 30 mpaka 60 aliwonse, mpaka ka 10. Ngati sizikusintha, kapena akulephera kumaliza chiganizo, milomo yasintha mtundu, akuwodzera kapena kusokonezeka, nyamukani nthawi yomweyo, akupoperabe m'njira. Kwa mwana, onani ngati pakati pa nthiti ndi pakhosi pakulowa mkati akamapuma, kapena akulephera kuyamwa ndi kumwa. Chifuwa chimene chinali kulira n'kungoti zii munthu akuvutikabe sikuti chapola. Ndiye kuti mpweya wasiya kudutsa. Ndipo ngati wapepukidwa koma inhela sikumufikitsa maola anayi, aonedwe tsiku lomwelo, osadikira kuti kuche kawiri. Mphumu imakonda kuvuta usiku ndi m'bandakucha, nthawi yoti makombi kulibe, choncho nambala ya mnansi wa galimoto ndi ndalama ya mafuta zikonzedwe masana.

Funso limene aliyense amafunsa n'lakuti inhela ya bulawuniyi adzasiya liti. Mphumu simachoka, koma imagonja mpaka munthu n'kumagwira ntchito, kuthamanga, ngakhale kuvina osakumbuka kuti ali nayo. Ikakhala chete kwa miyezi iwiri kapena itatu, usiku osadzuka, ya buluu osaifuna kuposa kawiri pa sabata, adokotala angachepetse mlingo pang'onopang'ono mpaka kupeza wochepetsetsa umene ukukwanira, koma kawirikawiri sachotseratu. Nthawi yochepetsera nayo amasankha: osati muli ndi chimfine, osati muli oyembekezera, osati mukukonzekera ulendo wautali wa pabasi wopita kumudzi. Wotuluka m'chipatala mu Julayi angakambe nkhaniyi cha mu Okutobala kapena Novembala. Wotuluka mu Febuluwale miyezi yake itatu imathera pakhomo pa nyengo yozizira, ndiye kuli bwino adikire kuti kutenthe.